Paul Banda ndi situdiyo ya IY: kumene kunaphikidwa nyimbo za ku Balaka

Paul Banda, amene ambiri amamutchula kuti Sir Paul, anatchuka ngati woyimba, woliza gitala komanso wojambula nyimbo wa ku Balaka m'dziko la Malawi. Kwa ife a ku Entre Lagos, Balaka si kutali: njanji yodutsa pano imalowera pa Nayuchi, kudzera ku Liwonde mpaka pa Nkaya, m'boma la Balaka lomwelo.

Mbiri yake imayambira mu Alleluya Band, gulu lomwe linayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika ya Balaka mothandizidwa ndi bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy. Paul ndiye anali mtsogoleri wa gululi, ndipo mng'ono wake Lucius Banda anaphunzirira momwemo asanakhazikitse Zembani Band mu 1997. Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Isaac Liwotcha, Paul Subili ndi Rod Valamanja nawonso anadutsa mu Alleluya.

Komabe ntchito yake yaikulu inali ya m'chipinda chojambulira. Nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi ku Malawi kunali wailesi imodzi yokha, ya MBC, ndipo oyimba ambiri ankajambula nyimbo zawo komweko. Nyimbo yosakomera akuluakulu inalibe potulukira. Choncho situdiyo ya Imbirani Yahwe, mwachidule IY, yomwe Paul ankayendetsa ku Balaka, inatsegula khomo lina. M'zaka za m'ma 1990, dziko litavotera zipani zambiri pa 14 June 1993, mnyamata wa kumudzi ankatha kupita ku Balaka ndi nyimbo zake m'mutu n'kubwerako ndi kaseti.

Anthu ambiri amaganiza kuti wojambula amangodina mabatani. Si choncho. Woyimba amafika ndi mawu ndi chuni basi. Wojambula ndiye amasankha liwiro la nyimbo, amatchera ng'oma pa makina, amaika besi ndi kiyibodi, kenako mawu a woyimba ndi a ovomera, chilichonse pa mzere wakewake. Pomaliza amasakaniza zonse kuti chida china chisameze chinzake, ndipo nthawi ya makaseti ankatulutsa tepi yoyamba yomwe makaseti ena onse ankakoperedwako. Khutu lake likaphonya pamenepo, cholakwikacho chinkalowa m'nyumba iliyonse yomwe yagula kasetiyo.

Ku IY n'kumene kunakhwimira chomwe anthu anadzachitcha rege ya ku Balaka: kugunda kwa rege kofatsa, kiyibodi yomveka patsogolo, mayimbidwe olandizana ngati a kwaya ya kutchalitchi, ndi mawu a Chichewa omveka bwinobwino ngakhale pa kawailesi ka mabatire. Mbali yomalizayi ndiyo inali nzeru yeniyeni, chifukwa nyimbo zokamba za umphawi, imfa, ndale ndi chikhulupiriro zimafuna kuti mawu asabisike. Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro anatchuka ndi kayimbidwe komweka. Ena ankadandaula kuti nyimbo za ku Balaka zikufanana kwambiri, ndipo dandaulo limeneli silinali lopanda pake, poti oyimba ambiri ankangotsanzira osawonjezerapo chawo.

Makasetiwo ankafalitsidwa ndi amalonda monga O.G. Issa, koma okopera mwakuba ankadya nawo phindu, ngakhale bungwe loteteza eni luso la COSOMA linalipo kuyambira 1992. Dzina la wojambula linkalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono pachikuto, ndipo pa kaseti yokopera silinkaoneka n'komwe.

Zaka zimenezi n'zomwenso anthu a ku Mozambique amene anathawira nkhondo ku Malawi ankabwerera kwawo, pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 October 1992. Pokhala chilankhulo n'chimodzi, nyimbo za ku Balaka sizinafune womasulira kuno ku Mecanhelas. Lucius anamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa, ndipo anaikidwa kwawo ku Balaka.