Kutentha mtembo: zomwe mipingo ndi azaumoyo amanena

Wachibale wanu akamwalirira kutali, monga ku Joni kapena ku Lusaka, chisoni chimabwera pamodzi ndi funso la ndalama: thupi lifika bwanji kumudzi? Mabanja a ku Chiosya ndi madera ena a m'malire m'boma la Mchinji amakumana ndi funsoli, ndipo ena amalangizidwa kuti atenthe mtembo n'kubweretsa phulusa, chifukwa kunyamula bokosi kudutsa maiko n'kodula. Kodi Mkhristu angavomere zimenezi?

Kutentha mtembo kumachitika bwanji?

Thupi amaliika m'ng'anjo yapadera yotentha madigiri pakati pa 760 ndi 980 kwa maola awiri kapena atatu. Zotsala ndi tizidutswa ta mafupa, tomwe amapera n'kuika m'kachiwiya kotseka. Kwa munthu wamkulu phulusali limalemera makilogalamu awiri kapena atatu. Ku Malawi kuno mwambowu umadziwika kwambiri pakati pa Ahindu. Asilamu salola m'pang'ono pomwe.

Baibulo likuti chiyani?

Mwambo wofala m'Baibulo ndi woika m'manda. Abrahamu anagula phanga la Makipela kuti aikemo Sara (Genesis 23), Aisraele ananyamula mafupa a Yosefe kuchoka ku Igupto (Eksodo 13:19), ndipo Yesu anaikidwa m'manda. Komabe mulibe lamulo lachindunji loletsa kutentha. Pa 1 Samueli 31, amuna a ku Yabesi Gileadi anatentha thupi la Mfumu Sauli n'kukwirira mafupa ake, ndipo Davide anawayamikira chifukwa cha ulemu womwe anachitira mbuye wawo.

Akhristu amalemekeza thupi chifukwa amakhulupirira kuti ndi kachisi wa Mzimu Woyera (1 Akorinto 6:19) komanso kuti lidzauka. Ovomereza kutentha amati moto umangofulumizitsa zomwe nthaka imachita pang'onopang'ono, ndipo Mulungu sangalephere kuukitsa munthu amene anapsa kapena kumira m'nyanja.

Mipingo imasiyana

Mpingo wa Katolika unkaletsa kutentha mitembo mpaka 1963. Malamulo ake a mu 1983 amalimbikitsabe kuika m'manda, koma amalola kutentha ngati cholinga sikukana chikhulupiriro cha kuuka kwa akufa. Mu 2016 Vatican inaonjezera kuti phulusa lisungidwe pamalo opatulika monga kumanda. Lisamwazidwe m'madzi, m'munda kapena mumphepo, ndipo lisasungidwe m'nyumba pokhapokha bishopu atalola pa zifukwa zapadera.

Mipingo ya Orthodox imakana kutentha. Mipingo yambiri ya Chiprotestanti, kuphatikizapo Anglican, imasiyira banja chisankho. Choncho musanavomere chilichonse, funsani abusa, ansembe kapena akulu ampingo wanu.

Kodi matenda opatsirana amakakamiza kutentha?

Ayi. Mu March 2020, Covid-19 itavuta, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kuti sizoona kuti womwalira ndi matenda opatsirana ayenera kutenthedwa. Linati imeneyi ndi nkhani ya chikhalidwe ndi zomwe anthu angakwanitse.

Dziko la Liberia linaphunzira movutikira. Mu August 2014 boma linalamula kuti omwalira ndi Ebola mumzinda wa Monrovia azitenthedwa. Mabanja ena anayamba kubisa odwala ndi kuika maliro mozemba, zomwe zinkaika anthu ambiri pachiswe. Pofika kumapeto kwa chakacho boma linapereka malo a manda otetezeka.

Chomwe chimateteza anthu ndi kasamalidwe ka thupi. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, malangizo anali akuti azaumoyo atsuke thupi ndi klorini, anthu asaligwire ndi manja, maliro asagonetsedwe, ndipo pasaphikidwe chakudya cha gulu. Wina akamwalira atatsekula m'mimba kwambiri, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chapafupi, monga cha Chiosya, musanasambitse thupi.

Musanasankhe

Kumudzi maliro si a munthu mmodzi. Mwinimbumba ali ndi mawu, amfumu ndiwo amapereka malo kumanda, ndipo adzukulu ndiwo amakumba. Phulusa likangofika osawauza, pamabuka kukayikirana ngati womwalirayo ndi yemweyodi. Chitani izi:

- Gwirizanani ndi akuchimuna ndi akuchikazi omwe, chifukwa thupi likatenthedwa palibe kubwerera.
- Ngati imfa ndi yokayikitsa, dikirani apolisi ndi madokotala amalize kupima.
- Sungani chikalata cha imfa ndi cha kumalo otenthera mitembo, poti zimafunika podutsa pachipata.
- Pemphani amfumu malo kumanda. Phulusa likhoza kuikidwa ndi mapemphero ndi nyimbo ngati maliro ena onse.

Ngati mumagwira ntchito kunja, uzani abale anu chifuniro chanu mukadali moyo, ndipo lowani m'gulu lothandizana pamaliro.