Cimene Cinabutsa Nkhondo ya Mexico ndi America

Ana inu, pezani pa mapu mitsinje iwiri, Nueces ndi Rio Grande. Nkhondo imene tiphunzira lero inabuka pakati pa mitsinje imeneyi.

Kale Texas inali cigawo ca Mexico. Anthu ocokera ku America anadzakhalako, ena pamodzi ndi akapolo ao, ngakhale Mexico anathetsa ukapolo mu 1829. Alendowo anagalukira boma mu 1836, ndipo mu 1845 America anatenga Texas. Mexico anati malire a Texas ndi Nueces, koma America anati ndi Rio Grande.

Pulezidenti James Polk anali kukhumbiranso California. Anayesa kugula, Mexico nakana. Tsono anatumiza Zachary Taylor ndi asilikali m'dera lolimbiranalo. Mu April 1846 ena a asilikaliwo anaphedwa, ndipo Polk anati mwazi wakhetsedwa pa nthaka ya America. Koma kodi nthakayo inali yayani, popeza mlandu wa malire unali usanathe? Abraham Lincoln anafunsa Polk kuti aloze malo eni-eniwo.

Mexico atagonja mu 1848, anapereka California ndi New Mexico, nalandira madola 15 miliyoni.