Utsi wapansi pa chipinda ku Korea

Masiku ano munthu wa ndalama zake ku Ulaya amayala mawaya a magetsi pansi pa matailosi, n'kumayenda opanda nsapato kunja kukuzizira koopsa. Nzeruyi si yatsopano ayi. Ku Korea anayamba zaka mazanamazana zapitazo, ndi njira yotchedwa ondol.

Moto unali umodzi, womwe uja wophikira mpunga. Utsi wake unkadutsa m'tingalande pansi pa miyala yafulati ya m'chipinda, n'kukatulukira pachumuni mbali ina ya nyumba. Miyalayo inkasunga kutentha mpaka usiku. N'chifukwa chake kudya ndi kugona pansi kunazika mizu kumeneko, ndipo malo ofunda kwambiri, apafupi ndi moto, ankasiyira akuluakulu.

Zinthu zinafika povuta m'ma 1960, nkhuni zitasowa, anthu ambiri akusonkha malasha oumba otchedwa yeontan. Pansi pakangong'aluka pang'ono, mpweya wapoizoni unkalowa mwakachetechete, anthu n'kufera kutulo. Amene munagonapo ndi mbaula m'nyumba yotseka mu June, mutu uja mukuukumbuka. Maliro otere anadzachepa pamene mapaipi a madzi otentha analowa m'malo mwa utsi.