Sitampa ya Mashilingi Asanu ndi Limodzi

M'chaka cha 1856 masitampa ochokera ku London anaperewera m'dziko la British Guiana, limene lero likutchedwa Guyana, ku South America. Mkulu wa positi ofesi mumzinda wa Georgetown anapempha osindikiza nyuzipepala ya boma kuti apangeko ena ongoyembekezera. Mwa amenewo munali sitampa ya senti imodzi, yofiirira, yokhala ndi chithunzi cha ngalawa. Lero yotsala ndi imodzi yokha.

Anaitola ndi mnyamata wa zaka 12, Vernon Vaughan, m'chaka cha 1873, pofufuza makalata akale a kubanja kwao. Inali yakuda ndi yodulidwa ngodya zonse zinayi, ndipo m'buku lake la masitampa munalibe dzina lake. Mnyamatayo ankasirira masitampa okongola a maiko ena, motero anapita nayo kwa Neil McKinnon, munthu wosonkhanitsa masitampa m'dzikomo. Poyamba McKinnon anaikana. Pambuyo pake anapereka mashilingi asanu ndi limodzi, ndipo mwanayo anabwerera kwao wokondwa.

Kodi pamenepa panali chinyengo? Ambiri amafulumira kutero, koma mlanduwu ngwovuta. Pa nthawiyo panalibe munthu wodziwa kuti sitampayo inalibe inzake, ngakhale McKinnon yemwe. Chimene chinasowa pa malondawo n'chakuti wogulitsa anafunsa munthu mmodzi yekha, nasonyeza poyera kuti ndalama akuzifuna tsiku lomwelo. Aliyense amene anagulitsapo mbuzi pamsika dzuwa litapendeka adziwa mmene mtengo umagwera munthu akaoneka kuti ali pa changu. Komabe wamkulu pogula kwa mwana ali ndi udindo woposa, ndipo kuyamba wanyoza katundu kuti mwini wake afooke si khalidwe loyamikika m'malonda alionse.

McKinnon, itafika nthawi yake yogulitsa, sanachite monga mnyamata uja. M'chaka cha 1878 anatumiza masitampa ake ku Britain, kumene kunali akatswiri, ndipo wamalonda wa ku Liverpool, Thomas Ridpath, anawagula onse pa £120. Posakhalitsa Ridpath anagulitsa ka senti imodzi kaja pakokha kwa Philipp von Ferrary wa ku Paris, pa mtengo umene akuti unali pafupi £150. Apa palibe chodandaulitsa. Wamalonda amatulutsa ndalama zake lero, nasenza yekha chiopsezo chakuti katundu angamuonongekere kapena kusowa womugula. N'chifukwa chake mtengo wolembedwa m'buku la mitengo, monga limene Stanley Gibbons anayamba kusindikiza m'chaka cha 1865, ndi mtengo wogulitsira wamalondayo. Womutengera katundu akaumirira mtengo womwewo, ndiye kuti akumupempha kugwira ntchito yaulere.

Ferrary atamwalira, boma la France linagulitsa chuma chakecho pa okushoni, pamene ogula amapikisana poyera, ndipo wonyoza katundu amangolandidwa ndi anzake. M'chaka cha 1922 Arthur Hind wa ku America anaigula pa mtengo woposa £7,000. Mu 1980 inafika $935,000, ndipo mu 2014 Stuart Weitzman, wopanga nsapato, anapereka pafupifupi $9.5 miliyoni ku New York. Koma mtengo sukwera masiku onse. Pamene anaigulitsa mu 2021, kampani ya Stanley Gibbons inaitenga pa $8.3 miliyoni, ndipo Weitzman anataya ndalama zoposa miliyoni imodzi.