Gaga, Dotolo Burkitt ndi Matumbo Athu

Kwathu ku Kandeu, kwa Inkosi Ganya, mlendo sitimphikira mgaiwa. Amayi amakonola chimanga, kupeta, kuviika mphale, ndi kukagayitsa ufa woyera. Gaga amapita kwa nkhumba kapena ku kachasu. Komatu gaga yemweyu ali ndi malo ake m'mbiri ya zachipatala.

M'chaka cha 1961 Denis Burkitt, dotolo wa ku Ireland amene ankagwira ntchito ku Uganda, anayenda mamailosi pafupifupi 10,000 pa galimoto, nadzera m'Nyasaland muno, kufufuza khansa yotupitsa nsagwada za ana. Chizoloŵezi chake chofunsa madotolo a m'zipatala za kumidzi chinamuonetsa chinanso: khansa ya m'thumbo lalikulu, yofala ku Ulaya, kuno inali yosoŵa. Mu 1971 analemba kuti gwero lake ndi chakudya. Iye ndi anzake anafika poyeza chimbudzi pa sikelo: munthu wa kumudzi ku Uganda ankatulutsa magalamu oposa 400 pa tsiku, pamene Mngelezi ankangopitirira pang'ono 100. Zakudya za gaga, nyemba ndi masamba zimafulumizitsa zonyansa kutuluka, kotero sizikhalitsa m'thumbo.

Pa nthaŵi yomweyo ena anadzera njira ina. Mu 1969, ku New York, William Wolff ndi Hiromi Shinya anayamba kuunika thumbo lonse ndi kachipangizo kopindika koloŵetsera kumalo ochitira chimbudzi. Kuunika kumeneku kumatchedwa colonoscopy. Shinya anakonzanso kawaya kokolera tizotupa ta m'thumbo, timene timatha zaka ngati 10 tisanasanduke khansa. Kuchotsa kachotupa msanga ndiko kupha njoka ili m'dzira.

Nanga ife tili pati? Zipangizo zotere zimapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kutali ndi Kandeu. Munthu akaona magazi m'chimbudzi amangoti ndi kamwazi, nachita manyazi kunena, ndipo pofika kwa dotolo madzi amakhala atafika m'khosi. Chikhalirecho ife ophunzira tikuthamangira buledi woyera ndi soseji, ngakhale kuti mu 2015 nthambi ya World Health Organization inaika nyama zokonzedwa motere m'gulu la zoyambitsa khansa.

Anzanga, magazi akaoneka tisabise. Tipite ku chipatala. Ndipo tikabwerera kumudzi pa tchuthi, tisanyoze mgaiwa ndi nyemba za agogo.