Mbiri ya brooch: kanthu kapachifuwa komwe mtengo wake umakwera ndi zaka

Pa 7 Febuluwale 1952, mayi wazaka 25 adatsika ndege mumzinda wa London atavala zakuda. Adanyamuka kwawo ali mwana wa mfumu, koma tsikuli ankabwerera ali Mfumukazi Elizabeth II, pakuti bambo ake, Mfumu George VI, adali atamwalira dzulo lake iye ali ku Kenya. Pajekete yakudayo pankanyezimira brooch ya dayamondi yooneka ngati duwa la flame lily, lija lofiira ndi chikasu limamera m'thengo nyengo yadzinja. Idali mphatso ya ana asukulu a ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, omwe adasonkha tiki aliyense mu 1947 pomwe iye ankakwanitsa zaka 21.

Brooch ndi chokongoletsera chokhala ndi pini kumbuyo, chomwe munthu amabaya pachovala, kawirikawiri pachifuwa kapena pakolala. Kwathu kuno tidazolowera kuti chovala cha pakaunjika chimatsika mtengo popeza wina adachivalapo. Pamsika wa zokongoletsera zakale zinthu n'zotembenuka. Brooch ikakhala kuti idadutsa m'manja ambiri, ndipo mmisiri amene adaipanga komanso munthu amene adaivala akudziwika, ogula amachita kulimbirana. Kuti timvetse chikoka chimenechi, tiyenera kubwerera kumene kanthuka kadayambira.

Idayamba ngati chomangira nsalu

Kale ku Ulaya kudalibe mabatani omangira zovala monga tikuwadziwira lero. Agiriki ndi Aroma ankafunda nsalu n'kuimanga ndi pini yachitsulo yotchedwa fibula. Msilikali wa Roma ankamangira chofunda chake paphewa lamanja kuti dzanja logwira lupanga likhale lomasuka. Posakhalitsa olemera adayamba kusulitsa mapini awo ndi golide ndi siliva, moti pongoona paphewa pa munthu unkadziwa udindo wake.

Umboni wa luso la nthawi zakalezo uli m'nyumba yosungira zinthu zakale ya National Museum of Ireland ku Dublin. Kumeneko kuli Tara Brooch, yomwe idapangidwa cha m'ma 700 ndipo idapezeka mu 1850 pafupi ndi Bettystown. Ndi yaing'ono yokwana pachikhatho, koma mmisiri adaikongoletsa mbali zonse ziwiri, ndipo kutsogolo adaikako timawaya ta golide topyapyala toluka zithunzi za nyama. Adavutikira ngakhale kumbuyo, komwe palibe akadaona kupatula mwiniwake.

Mabatani atafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, ntchito yomanga chovala idachepa. Brooch idatsala ndi ntchito ina, yonena za amene waivala.

Chikondi ndi maliro m'nthawi ya Victoria

Palibe munthu adatchukitsa brooch ngati Mfumukazi Victoria ya ku Britain. Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati wawo uchitike mu Febuluwale 1840, bwenzi lake Albert adampatsa brooch yamwala waukulu wabuluu wa sapphire wozunguliridwa ndi dayamondi, ndipo Victoria adaivala padiresi laukwati. Albert atamwalira mu 1861, Victoria adavala zakuda kwa zaka pafupifupi 40, mpaka imfa yake mu 1901. Anthu ake adatengera. Tauni ya Whitby, kugombe lakumpoto chakum'mawa kwa England, idalemera ndi malonda a jet, mwala wakuda bii wopepuka womwe amisiri ankasema n'kupanga zokongoletsera za pamaliro.

Mukatenga brooch ya pamaliro ya nthawi imeneyo n'kuiyang'anitsitsa, mumaona kagalasi kakang'ono. M'kati mwake muli tsitsi la womwalira, lolukidwa mosamala zedi, ndipo kumbuyo kapena m'mphepete adazokota dzina, tsiku lomwalira ndi zaka zake. Banja lomwe lidaipangitsa mwina lidatha kalekale, koma wogula wa lero amagwira m'manja chisoni cha mayi wina yemwe sadamuonepo. Apa ndiye pagona chikoka choyamba cha zokongoletsera zakale: zimasunga munthu.

Nyengo ya amisiri otchuka

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mzinda wa Paris udatsogola. Mmisiri René Lalique adakana maganizo oti mtengo wa chokongoletsera uli pa kukula kwa mwala. Ankagwiritsa ntchito nyanga, galasi ndi utoto wootcha pamoto, n'kupanga zinthu zomwe anthu ankaima n'kumazidabwa. Chotchuka kwambiri ndi tombolombo wokhala ndi thupi la mkazi, yemwe adapangidwa cha m'ma 1897 ndipo lero amasungidwa ku Gulbenkian Museum ku Lisbon.

Mu 1933 kampani ya Van Cleef & Arpels idalembetsa luso lake latsopano loyalira miyala. Amasema timizere m'mbali mwa mwala uliwonse n'kuulowetsa patinjanji tagolide tobisika, kotero kuti pamwamba simuona chitsulo chilichonse, koma miyala yokhayokha yogundana. Brooch imodzi yotere imadya maola mazanamazana a ntchito yamanja.

Ku Cartier kudali mayi wina waluso, Jeanne Toussaint, yemwe kuyambira 1933 ankatsogolera ntchito yopanga zokongoletsera zapamwamba. Mu 1948 kampaniyi idapangira Wallis Simpson, Duchess of Windsor, brooch ya kambuku wagolide atakhala pamwala waukulu wobiriwira wa emerald. Chaka chotsatira idapanga kambuku wina wa dayamondi atakwera pa sapphire ya makarati oposa 152. Kufikira lero kambuku ndiye chizindikiro cha Cartier.

Si onse akadakwanitsa zoterezi, ndipo apa mpamene adalowera amalonda a zokongoletsera za galasi ndi zitsulo wamba. Katswiri wamafashoni Coco Chanel adazipatsa ulemu pozivala iye mwini. Ku New York, Miriam Haskell adatsegula sitolo yake mu 1926, ndipo kampani ya Trifari idalemba ntchito Alfred Philippe, yemwe adapangirapo zokongoletsera makampani akuluakulu a ku France. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse zitsulo zambiri zidapita kukapangira zida, choncho Trifari idayamba kugwiritsa ntchito siliva, n'kupanga tinyama ndi timbalame tokhala ndi mimba ya pulasitiki yoonekera. Tinthu tomwe mayi wogwira ntchito muofesi ankagula ndi malipiro ake, lero osonkhanitsa zakale amatifunafuna ndi ndalama zambiri.

Chuma chamasiye chilowa pa okushoni

Msika wa zokongoletsera zosiyidwa ndi omwalira udasinthiratu mu Epulo 1987. Duchess of Windsor, mkazi uja Mfumu Edward VIII idasiyira ufumu mu 1936, adamwalira mu 1986 wopanda mwana. Kampani ya Sotheby's idagulitsa zokongoletsera zake pa okushoni ku Geneva, ndipo zidabweretsa madola pafupifupi 50 miliyoni, kuposa kutalitali zomwe akatswiri ankayembekezera. Ndalamazo zidapita ku Institut Pasteur ku Paris, komwe amachita kafukufuku wa matenda.

Chomwe chidakweza mitengo chonchi ndi nkhani yachikondi yomwe idagwedeza ufumu, komanso timawu tomwe Edward adazokotetsa kumbuyo kwa mphatso zina. Katswiri wamafilimu Elizabeth Taylor adagula nawo brooch yooneka ngati nthenga zitatu. Iyenso atamwalira mu 2011, zokongoletsera zake zidagulitsidwa ndi Christie's ku New York, ndipo usiku woyamba wokha zidabweretsa madola oposa 115 miliyoni. Brooch ya mbalame ya flamingo, yomwe Cartier idapangira Duchess mu 1940, idagulitsidwanso ku London mu 2010 pamtengo wa mapaundi oposa 1.7 miliyoni. Mwini aliyense watsopano amawonjezera tsamba pambiri ya chinthucho, ndipo wogula wotsatira amalipira tsamba limenelo.

Kulankhula osatsegula pakamwa

Brooch imakhala pafupi ndi nkhope, pomwe maso a anthu amayamba kufika. Madeleine Albright adazindikira mphamvu imeneyi ali kazembe wa America ku United Nations. Mu 1994 nyuzipepala za boma la Iraq zidamutcha njoka chifukwa chodzudzula Saddam Hussein. Iye pokakumana ndi akuluakulu a dzikolo adabaya brooch ya njoka pachifuwa. Kuyambira pamenepo, ngakhale atakhala nduna yoona zakunja mu 1997, akazembe ndi atolankhani ankayamba kuyang'ana pajekete yake kuti adziwe momwe mtima wake udaliri tsikulo: maluwa ndi agulugufe zinthu zikamayenda bwino, mavu kapena akamba zikamavuta. Ambiri mwa ma brooch akewo adali otsika mtengo, ogulidwa m'misika wamba.

Pa 24 Sepitembala 2019, Lady Hale, mkulu wa bwalo lalikulu la milandu ku Britain, adawerenga chigamulo choti nduna yaikulu Boris Johnson idaphwanya lamulo poimitsa nyumba yamalamulo. Paphewa pake padali brooch ya kangaude wamkulu wonyezimira, ndipo kwa masabata angapo anthu adakamba za kangaudeyo pafupifupi mofanana ndi chigamulocho.

Miyala idachokera kuti?

Mbiri imeneyi ili ndi mbali ina yomwe ogulitsa sakamba kawirikawiri. Mu Januwale 1905, mumgodi wa Premier pafupi ndi Pretoria mudapezeka dayamondi ya Cullinan, yolemera makarati 3,106. Boma la Transvaal lidaipereka kwa Mfumu Edward VII mu 1907, ndipo amisiri a banja la Asscher ku Amsterdam adaidula mu 1908. Zidutswa ziwiri, za makarati 94.4 ndi 63.6, zidalumikizidwa kukhala brooch yomwe Elizabeth II adavala pachikondwerero cha zaka 60 za ufumu wake mu 2012. Nayo dayamondi yapinki ya Williamson idakumbidwa ku Mwadui m'dziko la Tanzania mu 1947, ndipo Cartier idaiika pakati pa brooch ya duwa mu 1953.

Mayina a amisiri ndi a mafumu adalembedwa m'mabuku. Mayina a anthu akuda omwe adatuluka thukuta m'migodiyo sadalembedwe. Kufikira lero miyala ikutulukabe m'chigawo chathu: emerald ku Lufwanyama m'dziko la Zambia, ruby ku Montepuez m'dziko la Mozambique, komanso ruby ndi sapphire paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu. Yochuluka imachoka yosasema, ndipo phindu lenileni limatsalira komwe kuli odula, opukuta ndi osula. Mbiri ya brooch ikutiphunzitsa kuti ndalama zambiri zimatsata luso lamanja ndi dzina la mmisiri. Dziko logulitsa mwala wosasema limadya nyenyeswa.

Musafulumire kusungunula

Odziwa malondawa akapatsidwa brooch amayamba kuitembenuza. Kumbuyo ndiye kuli choonadi. Nambala 750 imasonyeza golide wa makarati 18, pomwe 925 ndi siliva. Pazinthu za ku Britain, kachizindikiro ka mutu wa kambuku kamaimira London ndipo nangula amaimira Birmingham. Pini yotalika yopyola m'mphepete, yokolowekedwa pakangowe kopanda loko, kawirikawiri imasonyeza kuti chinthucho n'cha zaka za m'ma 1800. Chinthu chikakwanitsa zaka 100 amalonda amachiwerengera m'gulu lapadera la zakalekale. Kabokosi kake koyambirira, lisiti kapena chithunzi cha mwini atachivala zimakweza mtengo, pomwe kuchipala ndi mankhwala amphamvu kapena kuchiwotcherera mwachisawawa kumachitsitsa.

Choncho inu amene mudasiyiridwa brooch, mphete, ndolo kapena mkanda ndi mayi kapena agogo anu, musathamangire kwa ogula golide wosungunula. Funsani akuluakulu akadali moyo kuti chidachokera kuti, adagula ndani, ndipo adachivala pamwambo uti. Lembani zimenezo papepala n'kulisunga pamodzi ndi chinthucho, kuti ana anu adzalandire chokongoletseracho limodzi ndi mbiri yake.