Belu Lomaliza Likalira: Mbiri ya Makalabu m'Sukulu Zathu za Sekondale

Sukulu yoyamba ya sekondale m'dziko muno, Blantyre Secondary School, idatsegulidwa mu 1940. Zomba Catholic idatsatira mu 1942, ndipo ya boma ya ku Dedza idabwera mu 1951. Poti sukuluzi zidali zowerengeka, ophunzira ankachokera kutali, ena ku Karonga ena ku Port Herald (Nsanje ya lero), ndipo ankagonera komweko. Aphunzitsi tsono adali ndi funso pamutu: anyamata amenewa azichita chiyani kuyambira pamene aweruka m'kalasi kufikira nthawi yowerenga madzulo? Makalabu a kusekondale adabadwa poyankha funso limeneli. Kalabu ndi mwana wa sukulu yogonera komweko, ndipo chibadwa chimenechi chikuitsatabe mpaka lero.

Amishoni ndi aphunzitsi ochokera ku Ulaya adadzaza masanawo ndi zomwe adakulira nazo kwawo: mpira, mijaha, kwaya, masikauti amene Robert Baden-Powell adayambitsa ku Britain, ndiponso mtsutso. Cholinga cha mtsutso chidali kunola Chingerezi basi. Koma mnyamata amene wazolowera kuimirira pamaso pa anzake, kumanga mfundo, ndi kutsutsa mnzake popanda kukunga chibakera, sangaiwale luso limenelo akatuluka pachipata. Mbadwo umene udakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 udali ndi anyamata odutsa m'sukulu zochepa zomwezi, monga Henry Masauko Chipembere amene adaphunzira pa Blantyre Secondary. Magulu a mapemphero nawo adamera msanga. SCOM idayamba mu 1961, Akatolika adali ndi YCS, ndipo magulu awiriwa apirira nyengo zonse zimene dziko ladutsamo.

Titalandira ufulu mu 1964, boma lidaona kuti masana a mwana wa sukulu ndi munda wosayenera kugonera. Gulu la Malawi Young Pioneers, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1963, lidatumiza alangizi ake m'sukulu. Apayoniya ankaphunzitsa kuguba, masewero olimbitsa thupi, ndi nsanamira zinayi za chipani cholamula: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Chaka chilichonse kunkakhala Youth Week, sabata imene ophunzira ankasiya makope n'kugwira makasu, kulambula misewu, kukonza milatho, kuumba njerwa ndi kuthandiza okalamba. Amene adaiona sabatayi amaikumbuka mosiyana. Ntchito yake idali yooneka ndi maso, ndipo ndi bwino kuti mwana adziwe kuti mudzi umene wamulera ali nawo ngongole. Komabe sidali ntchito yoti munthu angaikane, ndipo zochitika zimene munthu sangazikane sizimuphunzitsa kusankha.

Chodabwitsa n'chakuti m'nyengo yomweyo ya chipani chimodzi ndi mmene mudaphuka kalabu yomwe, m'kuona kwanga, idaposa onse. Mu 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ATEM, lidayambitsa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale. Apanso cholinga chidali Chingerezi. Sukulu inkakonza sewero lalifupi, n'kukapikisana ndi zinzake za m'dera, opambana n'kupita kuchigawo, kenaka ku ndime yomaliza ya dziko lonse. Poyamba ambiri ankatenga masewero olembedwa kale kunja, koma posakhalitsa aphunzitsi ndi ophunzira adayamba kulemba awo, otchula midzi yathu, maliro athu, asing'anga ndi mafumu athu.

Apa m'pamene padali nkhani. Lamulo la 1968 lidapereka mphamvu ku bungwe la boma lounika mabuku ndi zisudzo, ndipo sewero lisadaonetsedwe linkayenera kudutsa m'manja mwake. Mwana wa Fomu 3 adaphunzira msanga zomwe agogo ake ankadziwa kale pa nthano, kuti mawu oopsa amayenda bwino atavala chikopa cha nyama. Mfumu yankhanza ya m'sewero inkakhala ya kalekale, ya dziko lopanda dzina, koma holo yonse inkamva. Ndipo taganizani zimene sewero limodzi linkafuna: wina alembe, wina asoke zovala, wina apemphe galimoto kwa ahedi, amanyazi agwire nsalu yotchinga, onse asonkhane masana aliwonse kwa miyezi popanda malikisi a mayeso owalipira. Palibe phunziro la m'kalasi limene linkapatsa ana udindo wochuluka chotero. Du Chisiza Jr adatulukira m'bwalo limeneli. Sewero lake, The Deceased's Attack, lidapambana ali wophunzira pa HHI ku Blantyre, ndipo mu 1987 adayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, lomwe lidasonyeza Amalawi kuti zisudzo zingakhale ntchito ya moyo wa munthu.

Makalabu ena adayenda mwakachetechete. Mpikisano wa mafunso wa Top of the Class pa wailesi ya MBC unkachititsa sukulu yonse kuunjikana pa wailesi imodzi. Bungwe loteteza zachilengedwe limene lidayamba mu 1947, lomwe lero timalitcha WESM, lidafalitsa makalabu a zanyama ndi mitengo, ndipo magazini yake ya Nantchengwa inkafika m'manja mwa ana ambiri amene adakaona njovu koyamba ku Liwonde kapena ku Kasungu pa ulendo wa kalabu.

Kenaka kudagwa mliri. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi adadziwika mu 1985, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 makalabu a Edzi Toto adali atafalikira m'sukulu mothandizidwa ndi UNICEF. Nkhani zimene mphunzitsi sakadazitchula pa bolodi, zimene kholo silikadazinena pa mkeka, ana adayamba kuuzana okhaokha kudzera m'nyimbo, ndakatulo ndi timasewero. Ambiri mwa anawo adali ataika kale makolo awo m'manda. Kalabu idachita zimene silabasi idachedwa kuchita, mpaka phunziro la Life Skills litalowa m'kalasi.

Zaka za 1993 ndi 1994 zidatembenuza zonse. Asilikali adalanda zida apayoniya mu Disembala 1993, kuguba ndi Youth Week zidazilala, ndipo m'malo mwake mudalowa makalabu a ufulu wachibadwidwe, a atsikana, a zolimbana ndi katangale. Ambiri adabwera ndi mabungwe omwe si aboma, ndipo apa padabuka chizolowezi chimene chimandidetsa nkhawa: kalabu yobwera ndi malaya aulere ndi zakumwa, yomwe imafa tsiku limene pulojekiti yatha. Ana sachedwa kuzindikira kalabu imene ndi yawo ndi imene ndi ya alendo.

Koma kusintha kwakukulu kudachokera ku chiwerengero. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni, ndipo khamu limeneli lidayenera kupeza malo kusekondale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma lidasandutsa malo a maphunziro a patali a MCDE kukhala sukulu zoyendera za CDSS, ndipo lero ophunzira ambiri a sekondale ali m'sukulu zoterezi. Uwu udali mwayi waukulu kwa ana a anthu wamba. Kungoti kalabu, yomwe idapangidwira mwana wogona pasukulu, sidakonzedwenso kuti iyenerane ndi mwana woyendera. Mtsikana amene wayenda mtunda wautali m'mawa wosadya kanthu, amene kunyumba akumudikira kuti akatunge madzi kusadade, sangatsalire kuyeserera sewero. M'matauni, makalasi omwe kale ankakhala opanda anthu masana tsopano mumalowa ophunzira a Open kapena a shifiti yachiwiri, ndipo mphunzitsi amene akadakhala patironi ndi yemweyo akuphunzitsa kumeneko kuti awonjezere pa malipiro ake ochepa. Sitingamudzudzule.

Zinthu sizidafe ayi. Mpikisano wa ATEM udafooka kwa nthawi n'kudzukanso, NASFEST imasonkhanitsa sukulu pa zisudzo ndi magule, mipikisano ya mpira ya sukulu ikutulutsabe osewera, ndipo kwabwera makalabu a sayansi ndi makompyuta. Koma mukayang'ana sukulu zimene zimafika ku ndime zomaliza, kawirikawiri mupeza zogonera komweko, za mishoni ndi zolipira zodula. Ma CDSS ena apeza njira: amapatula masana a tsiku limodzi pa sabata, kawirikawiri Lachitatu, n'kuweruka msanga kuti makalabu akumane dzuwa likadali pamwamba, ndipo komiti ya makolo ikasonkha ufa pang'ono wa phala, ana amatsalira. Kumene ahedi achita zimenezi, kalabu ya zisudzo imayeserera pansi pa mtengo, ndipo ya zachilengedwe imafesa mbande zake kuseri kwa ofesi.